Nkhongo Saijambula: Za Zipsera za M'mutu, Lumo la Wometa ndi Tsitsi Lochita Kubzala

Pakati pa nkhani zachilendo zimene zafika m'mbali mwa nyanja yathu ya Nyasa m'zaka zino, zina zitatsika ndi msewu wa phula wochokera ku Mbinga kudzathera ku Mbamba Bay, zina zitalowa ndi mafoni amene tsopano ali m'thumba mwa msodzi ndi mwa mphunzitsi yemwe, pali ina imene akulu akaimva amagwira pakamwa, pamene anyamata amaitchera makutu onse awiri: yakuti munthu wadazi akhoza kukwera ndege kunka ku Istanbul, m'dziko la Turkey, nabwerako sabata isanathe tsitsi litabzalidwa pamene panali dazi lokhalokha. Nkhaniyi si nthano ayi. Ntchitoyo ilipodi, ndipo ikagwiridwa ndi manja odziwa, pa mutu woyenera, imapindula. Koma zithunzi zimene amalonda ake amaonetsa n'za kumaso zokhazokha, za munthu akumwetulira mphumi itabwerera m'chimake, pamene nkhongo, kumene kunachokera tsitsilo, saijambula. Chotero ine ndafuna kuti tizungulire kumbuyo kwa mutu, tikaone zipsera ndi zotupa zimene zimatsala kumeneko, pakuti makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo tikafika kumeneko tidzapeza kuti mlanduwu suyambira ku Istanbul, koma pa mpando wa wometa wa pamsika pathu pomwe, pamene amuna ambiri, amene sadzalota n'komwe za kubzalitsa tsitsi, akusauka kale ndi zotupa za m'nkhongo osadziwa chimene chikuzibala.

Tiyambe ndi dazi lenilenilo. Dazi la amuna silipatsirana, si temberero, ndiponso silidza chifukwa cha kusenza madengu a usipa kapena kuvala chipewa. Ndi la kumtundu, ndipo chimene chimalifulumiza ndi timadzi tina ta m'thupi la mwamuna, timene madokotala amati DHT, timene timafooketsa mizu ya tsitsi la pamphumi ndi la paliwombo chaka ndi chaka, kufikira tsitsi limene linali lakuda bii lisanduka ubweya wosaoneka. Owerenga Malemba adzakumbukira kuti pa mutu 13 wa Levitiko, pamene ansembe adapatsidwa udindo woyang'ana nthenda za khungu, dazi lopanda chilonda silidawerengedwe chodetsa munthu, koma lidasiyanitsidwa ndi lija lodza ndi nthenda. Ndipo kusiyanitsa kumeneku, ngakhale n'kwakale chotero, ndiko kumene dokotala wabwino wa lero amayamba nako. Pa dazi la kumtundu mizu imakhala ilipobe, yangofooka. Pa dazi la chipsera mizu yafa, ndipo m'malo mwake mwalowa mnofu wouma, khungu lake n'kukhala losalala ndi lonyezimira, lopanda timabowo totulukira tsitsi. Pamenepo palibe mafuta, palibe muzu wa mtengo, palibe piritsi limene lingameretse kanthu.

Tsono mizu ya kunkhongo ndi ya pamwamba pa makutu ili ndi khalidwe lina: siimvera DHT, n'chifukwa chake nkhalamba yadazi imapita kumanda ili ndi nkhata ya tsitsi yozungulira mutu. Dokotala wina wa ku Japan, Shoji Okuda, adalemba m'chaka cha 1939 za kusamutsa timagawo ta khungu la tsitsi kukatiika pamene panapsa ndi moto, koma nkhondo yaikulu idaphimba ntchito yake. Ndipo m'chaka cha 1959 Norman Orentreich wa ku New York adaonetsa poyera kuti muzu wochotsedwa kunkhongo susiya khalidwe la kwawo, ngakhale uwuike pamphumi. Pa mfundo imeneyi ndi pamene pamangidwa ntchito yonse. Wolima mpunga m'madambo a Ruhuhu adzaimva msanga: mbande zimazulidwa pa nazale n'kukawokeredwa m'munda, ndipo munda ukadzala, nazale imatsala ndi maenje. Koma nazale ya mpunga umaifesanso chaka chamawa, pamene ya m'mutu, imene Mlengi adaifesa kamodzi ndi tsitsi lokwana ngati 100,000 pa mutu wonse, siifesedwanso. Muzu umene wachoka kunkhongo wachoka, ndipo pamalo pake patsala chipsera. Palibe kubzala tsitsi kopanda chipsera, ndipo wamalonda amene anena kuti njira yake siisiya chipsera wanama.

Njira zozulira n'ziwiri. Yoyamba, yotchedwa FUT, dokotala amadula lamba wa khungu kunkhongo, nthawi zina kuchokera pafupi ndi khutu lina kufikira pafupi ndi linzake, nasoka balalo, pamene omuthandiza akugawa lambayo m'timagulu ta tsitsi limodzi kufikira anayi. Chotsala ndi mzere umodzi wautali, umene pa khungu lochira bwino umakhala wopyapyala ndi wobisika m'tsitsi, koma umene ukasokedwa mokoka kwambiri, kapena mwini wake akafulumira kunyamula zolemera, umatambasuka n'kukhala mpata woyera wopingasa mutu. Yachiwiri, yotchedwa FUE, imene William Rassman ndi Robert Bernstein adaifotokoza m'chaka cha 2002 ndipo ndiyo yafala lero, muzu uliwonse umabooledwa pawokha ndi kachitsulo kozungulira ka milimita imodzi kapena kocheperapo. Ndipo popeza mizu yozulidwa pa tsiku limodzi imafika 2,000 kapena 3,000, ena n'kupitirira, zipsera zake nazo zimakhala zikwi zomwezo, timadontho totuwa timene pa khungu lakuda timaoneka msanga munthu akameta mpala. Wozula wadyera, wofuna kudzaza mphumi kuti chithunzi chikome, amathothola nkhongo mopitirira muyeso, naisiya ya maangamaanga kwa moyo wonse.

Pali chinanso chokhudza ife eni tsitsi lopotana. Tsitsi lathu silipotana kunja kokha. Muzu wake womwe ndi wokhota pansi pa khungu, kotero kuti kachitsulo kowongoka, kolowa ndi dzanja lozolowera mitu ya anthu a tsitsi lowongoka, kamadula muzu pakati m'malo mouzula wamphumphu. Muzu wodulidwa sumera pamphumi, ndipo chidutswa chake chotsala kunkhongo chikhoza kukwiririka n'kubala chotupa. Funso loyamba kwa wobzala aliyense liyenera kukhala lakuti wagwirapo mitu ingati ya anthu akuda, ndipo aonetse nkhongo zawo patapita chaka.

Nanga munthu amene wabzalitsa kale adziwa bwanji chimene chili cha masiku onse ndi chimene chili choopsa? Pano mpofunika mtima wodekha, pakuti ambiri amadzipweteka ndi mantha pa zinthu zimene zikadatha zokha. M'masiku oyamba mphumi imatupa, kutupako n'kutsikira m'zikope, kenaka n'kuphwa. Pa muzu uliwonse pamauma kankhanambo, ndipo nkhanambozo zimagwa zokha pakati pa masiku 7 ndi 14 ngati mutu ukutsukidwa mofatsa ndi madzi oyera monga adalangizira dokotala, osati kukandidwa ndi zikhadabo. Pakati pa sabata yachiwiri ndi yachisanu ndi chitatu tsitsi lobzalidwalo limathothoka pafupifupi lonse, munthu n'kuyesa kuti ndalama zake zalowa m'madzi, chikhalirecho mizu ili moyo pansi, ikupuma. Latsopano limayamba kutuluka m'mwezi wachitatu kapena wachinayi, ndipo maonekedwe enieni sadziwika chaka chisanathe, kwa ena kufikira miyezi 18. M'nyengo yotulukayo ndi mmene mumabuka tiziphuphu tofiira, tina ta mitu ya mafinya, chifukwa tsitsi lanthete likulimbana ndi khungu pofuna potulukira, ndipo lathu lopotanali limakhota n'kubwerera m'kati. Tiziphuphu totere, tikakhala towerengeka, timamvera kansalu koyera koviikidwa m'madzi ofunda n'kuikidwa pamenepo kangapo pa tsiku. Sitifuna singano, sitifuna kufinya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ziphuphu zikachuluka n'kulumikizana, kufiira kukamafalikira, mafinya akamanunkha, ululu ukamakula m'malo mochepa, thupi likatentha, kapena khungu likayamba kuda ngati lapsa, pamenepo kudekha kwatha ntchito: munthuyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti tizilombo talowa, kapena magazi aleka kufika pakhungupo, ndipo kuzengereza kwa sabata imodzi kukhoza kupha mizu yobzalidwayo n'kusiya chipsera chachikulu kuposa dazi limene ankathawa. Msodzi adziwenso kuti dzuwa la pabwato, thukuta, ndi kumira m'madzi a m'gombe mabala asanapole, ndi adani a mutu wotere m'mwezi woyamba.

Zotupa zina sizichokera ku tizilombo koma ku dzanja la wobzala. Muzu ukaikidwa pamwamba kwambiri, khungu limachira ndi timitumbira tolimba tondondozana, tosapweteka koma tosatha; ukamizidwa kwambiri, pamatsala tidzenje, kapena kathumba kotsekeka kamene kamatupa mobwerezabwereza kufikira dokotala atakatsegula. Izi mafuta sazichotsa. Zimachepetsedwa ndi laser kapena kupala khungu kwa akatswiri, ndipo nthawi zina muzu woikidwa molakwikawo umazulidwa n'kubzalidwanso.

Koma mdani wamkulu, amene tiyenera kukhala naye pansi nthawi yaitali, ndi chipsera chokula chija chimene madokotala amati keloid. Bala lililonse likamapola, thupi limaluka ulusi wa mnofu wolumikiza mbali zake, ndipo bala likatsekeka kulukako kumaleka. Koma mwa anthu ena, makamaka a khungu lakuda, ndiponso motsata mabanja, thupi silimva kuti ntchito yatha, limangolukabe miyezi ndi zaka, mpaka chipsera chidumpha malire a bala n'kukwera pa khungu labwino, cholimba, chonyezimira, choyabwa ndi kulasa ngati minga. Ndani mwa ife sanaonepo mtsikana amene anaboola khutu kuti avale ndolo, n'kutulukapo chibulumwa cholendewera, kapena bambo amene mphini za sing'anga za pachifuwa zidamera mizere yotukuka, kapena mwana amene katemera wa paphewa adamsiyira chotupa cholimba? Amenewo ndiwo mboni, ndipo munthu aliyense woganiza zobzalitsa tsitsi ayambe wavula malaya nadziyang'ana yekha, nayang'ananso abale ake a bere limodzi. Ngati thupi lake lidayankha chotero pa bala limodzi la singano, adzifunse chimene lingachite ndi mabala zikwi zitatu. N'zoona kuti khungu la pamwamba pa mutu silibala zipsera zotere kawirikawiri monga chifuwa, mapewa ndi makutu. Koma nkhongo ndi khosi zili m'malire a dera loopsalo, ndipo dokotala wanzeru, akaona mbiri yotere, amakana ntchitoyo, kapena amayamba wabzala mizu yochepa pamalo obisika nadikira miyezi yambiri kuti aone mmene khungu liyankhire.

Chipsera ichi chili ndi mbale wake wofatsirapo, chimene chimatukuka ndi kufiira m'miyezi yoyamba koma sichituluka m'malire a bala, ndipo chimaphwa chokha pang'onopang'ono m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika, chifukwa chofatsacho chimafuna chipiriro ndi chithandizo chochepa, pamene keloid siibwerera yokha. Mankhwala ake oyamba ndi jakisoni wa triamcinolone, wobayidwa m'chipsera mwenimwenimo pakapita milungu 4 kufikira 6 iliyonse, kangapo konse. Amafewetsa, amaphwetsa, amaletsa kuyabwa, ngakhale akhoza kuyeretsa kapena kupyapyalitsa khungu lozungulira akachuluka, ndipo ena amamusakaniza ndi 5-fluorouracil pa zipsera zouma mutu. Pali timapepala ndi mafuta a silicone oikidwa pachipsera maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi. Pali kuumitsa ndi chisanu choopsa cha nitrogen, kumene pa khungu lakuda kumasiya banga loyera. Chimene ndifuna kuchenjeza ndi mtima wonse ndi mpeni. Munthu akaona chibulumwa, nzeru yoyamba imene imamfikira ndi yakuti achidule; koma kudula ndi bala latsopano pa thupi lomwe lija losadziwa kuleka, ndipo keloid yodulidwa popanda chithandizo chotsatira imabwerera mwa ambiri, kawirikawiri yaikulu kuposa poyamba. Akatswiri akadula amatsatiza jakisoni, kapena kuwotcha ndi cheza m'masiku oyamba enieni, chithandizo chimene m'dziko la Tanzania chimadziwika kwambiri pa chipatala cha Ocean Road ku Dar es Salaam. Kumanga ndi ulusi, kutema ndi lezala n'kupaka phulusa, kapena kudontheza madzi a batire, monga amachitira ena m'midzi, ndiko kuthira nkhuni pamoto.

Tsopano tibwere kwathu. Mukakhala kumbuyo m'tchalitchi ku Liuli kapena ku Lituhi, kapena m'basi yokwera mapiri a Amatengo kunka ku Mbinga, yang'anani nkhongo za amuna okhala patsogolo panu, ndipo simudzayenda mtunda wautali musanaone timiyala tolimba tondanda m'malire a tsitsi ndi khosi, mwa ena titalumikizana kukhala chigamba chimodzi chotukuka, chopanda tsitsi, mwina tsitsi zingapo zikutuluka pa bowo limodzi. Nthendayi madokotala amaitcha acne keloidalis nuchae. Adayamba kuifotokoza ndi Moritz Kaposi wa ku Vienna m'chaka cha 1869, ndipo imagwira makamaka amuna akuda akatha msinkhu. Imayamba ndi kutupa kwa mizu ya tsitsi, kumene kumakolezedwa ndi chilichonse chokhula nkhongo: kumeta mpala sabata ndi sabata, makina okanikizidwa pakhungu, lezala yolembera malire a tsitsi kuti mnyamata aoneke waudongo, kolala youma ya malaya, ndi chipewa cholimba cha anyamata a njinga zamoto za bodaboda chimene chimasisita pamalo amodzi tsiku lonse pamodzi ndi thukuta ndi fumbi. Muzu ukatupa umaphulika pansi pa khungu, tsitsi n'kugwera m'mnofu, thupi n'kulizinga ngati mdani. Mapeto ake ndi chipsera. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa pa yunivesite ya Cape Town ndi anzake, atapima anthu a ku Langa, adalengeza m'chaka cha 2007 kuti mwa amuna 100 alionse, pafupifupi 10 adali ndi nthendayi. Ndipo ngakhale chiwerengerocho n'cha ku South Africa, mametedwe ake ndi omwe ano a kwathu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthenda imeneyi, imene ikakula imasautsa akatswiri, ikadali yaing'ono imamva msanga. M'mera mpoyamba. Woona tiziphuphu toyamba aleke mpala, asiye tsitsi la kunkhongo litalikeko pang'ono, akanize lezala m'malire, aleke kukanda ndi kufinya, afewetse kolala, aike kansalu koyera pansi pa chipewa chake nakachape tsiku lililonse. Ndipo apite kuchipatala, kumene mafuta a steroid, mankhwala opaka a clindamycin, kapena mapiritsi a doxycycline omwedwa milungu ingapo amaziziritsa kutupako, pamene timiyala tolimba kale timafuna jakisoni yemwe uja wa triamcinolone. Chigamba chikakula n'kumatuluka mafinya chimafuna opaleshoni yochotsa khungu lonse lodwalalo kufikira pansi pa mizu. Koma mnyamata amachita manyazi, navala kapusi, nabwerera kwa wometa yemweyo kukapempha kuti amumete kwambiri kuti ziphuphu zichoke. Ndipo wometayo, posadziwa, amadutsitsa makina pamwamba pa zotupazo mpaka magazi. Sindikuwaimba mlandu ometa athu, amene ambiri ndi ana aulemu odyetsa mabanja ndi makina amodzi ndi batire la sola. Palibe amene adawaphunzitsa. Koma magaziwo ali ndi mlandu wawo: ofufuza a ku Cape Town omwewo, m'chaka cha 2018, atapima makina ometera 50, adapeza zizindikiro za magazi a munthu pa makina 21, ndi za kachilombo ka chiwindi ka hepatitis B pa makina 4. Kuwaza sipiriti pang'ono n'kupukuta ndi burashi sikukwanira. Amene angathe agule makina akeake, lezala ikhale yatsopano kwa munthu aliyense, ndipo wometa aphunzire kunena mwaulemu kuti, achimwene, apa sindimetapo, kaonaneni kaye ndi adokotala.

Ana ndi amayi nawo ali ndi gawo lawo. Zipere za m'mutu, zimene zimayenda m'masukulu athu ndi lumo limodzi lometera ana a nyumba yonse, sizimva mafuta opaka okha, chifukwa nthendayo ili m'kati mwa tsitsi. Zimafuna mankhwala akumwa, monga griseofulvin, kwa milungu 6 kufikira 8 osadukiza. Nthawi zina chipere chimatupa kukhala chithupsa chofewa chokha mafinya, ndipo makolo, ngakhale ena a m'zipatala zazing'ono, amachitumbula ngati chithupsa wamba. Kutumbula sikuchiza, ndipo mwana amakula ndi bwalo losamera tsitsi. Kwa amayi, kuluka kokoka kwambiri, makamaka pa tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala, kumadya tsitsi la m'mbali mwa mphumi. A Khumalo adapeza vutoli mwa amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse. Malukidwe opweteka, otulutsa tiziphuphu m'malire, oletsa munthu kugona usiku woyamba, ndiwo akuzula mizu, ndipo poyamba tsitsi limabwerera akamasula, koma zaka zikapita silibwereranso. Palinso nthenda ina yoyambira paliwombo pa amayi akuda n'kumafalikira mozungulira, ikusiya chipsera. Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban adali mmodzi wa amene adaonetsa m'chaka cha 2019 kuti mwa ena imayendera kumtundu.

Ndatchula zonsezi chifukwa ndizo zimagamula ngati kubzala tsitsi kungathandize munthu kapena kumuwononga. Nkhongo imene makina a wometa akhala akuizunza zaka khumi ndiyo yomwe wobzala adzafuna kuzulamo mizu. Kuboola mabala zikwi pa khungu limene likutupa kale ndiko kuitana zipsera zoposa zoyamba. Momwemonso kubzala pa dazi la chipsera nthenda yake isanazime ndi kutaya mizu yabwino, pakuti moto umene udapha yoyamba udzaphanso yatsopano. Madokotala osamala amayamba adula kachidutswa ka khungu kukapima, nadikira chaka kapena ziwiri nthenda ili chete, ndipo ngakhale pamenepo amanena poyera kuti pa chipsera, pamene magazi sayenda mokwanira, mizu simera yonse. Koma mayi amene tsitsi la m'mbali lidatha ndi kuluka, nthenda ina palibe, ndiponso waleka malukidwe akalewo, kawirikawiri amathandizika bwino. Ndipo wopsa ndi moto, amene Okuda adayambira ntchitoyi, akhoza kubwezeredwa nsidze ndi ulemu wake. Ntchitoyi payokha si yoipa. Choipa ndi malonda othamanga, amene amalonjeza chiwerengero cha mizu pa foni asanakhudze mutu wa munthu, amene mpeni amausiya m'manja mwa antchito osakhala madokotala, namukweza mlendo ndege tsiku lachitatu. Pakuti zotupa zimabuka m'mwezi wachitatu, keloid mwina m'mwezi wachisanu ndi chimodzi, munthu ali ku Mbamba Bay, ndipo amene adalandira ndalama ali kutsidya kwa nyanja zamchere akuyankha ndi mauthenga a pa WhatsApp. Safunsa adadya phula: wofuna kubzalitsa afunse amene adzagwira mpeni, afunse chimene chidzachitike zikavuta, atenge kalata yofotokoza zonse zimene zachitidwa pa mutu wake, ndipo asananyamuke adziwe dokotala wa kuno amene adzamuona akabwera. Adziwenso kuti kubzala sikuimitsa dazi. Tsitsi lakale lozungulira lobzalidwalo limapitirira kuthothoka, n'chifukwa chake ambiri amauzidwa kupaka minoxidil kapena kumwa finasteride zaka zonse, mankhwala amene ali ndi zovuta zawo, ndipo wachiwiriyu ndi woletsedwa kwa mayi woyembekezera.

Kwa amene chipsera chakhazikika kale, chiyembekezo chilipo, chingokhala cha muyeso. Mzere wotambasuka ukhoza kudulidwa n'kusokedwanso mwaluso kuti tsitsi limere kupyola m'chipseramo; mukhoza kubzalidwa mizu yochepa; kapena pakhoza kulembedwa timadontho ta inki tofanana ndi tsitsi lometedwa, ngakhale nayonso ndi singano, yosayenera khungu la keloid lisanayesedwe. Zonsezi zimadikira chaka, kuti chipsera chikhwime, ndipo zimabisa chabe, sizifafaniza. Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kusiya tsitsi litalike pang'ono kuti liphimbe.

Funso lotsala ndi lakuti munthu wa m'boma la Nyasa, limene lidapatulidwa ku Mbinga m'chaka cha 2012, apite kuti. Poyambira ndi pa zipatala zapafupi, za boma ndi zimene mishoni zidatisiyira: cha St Anne ku Liuli, cha ku Lituhi, cha ku Litembo kumapiri, kuchokera kumeneko kalata imamutumiza ku Peramiho kapena ku chipatala chachikulu cha Songea, ndipo zikakanika, ku Mbeya kapena ku Muhimbili ku Dar es Salaam, kumene ndi ulendo wa makilomita oposa 1,000 umene msodzi wamba saukwanitsa kawiri. Ku Moshi, pa chipatala cha KCMC, kuli sukulu ya nthenda za khungu yotchedwa Regional Dermatology Training Centre, imene chiyambire 1992 yaphunzitsa asing'anga a m'zipatala ochokera m'maiko ambiri a Africa, a ku Malawi omwe, kuti chithandizo cha khungu chisakhale cha m'mizinda yokha. Chimene ine ndikupempha akuluakulu a zaumoyo a m'boma lathu si makina a laser kapena nyumba yobzalira tsitsi: ndi munthu mmodzi wophunzira ku Moshi wokhala m'mbali mwa nyanja muno, woyendera Liuli, Mbamba Bay ndi Lituhi pa masiku odziwika, ali ndi triamcinolone, doxycycline ndi griseofulvin m'bokosi lake, kuti jakisoni wofunika kubwerezedwa mwezi ndi mwezi asamafune tikiti ya basi ya ku Songea, ndiponso kuti munthu yemweyo, kamodzi pa chaka, asonkhanitse ometa ndi oluka tsitsi a m'misika yathu, awaonetse zithunzi za nkhongo ndi za mphumi, nawaphunzitse kutsuka makina ndi kuzindikira mutu umene suyenera kumetedwa.